Shuga wa m'nkhuni ndi tsogolo la mapesi athu



Aliyense wophika thobwa amadziwa ntchito ya chimera: chimasungunula phala n'kulitsekemeretsa. Mphamvu imeneyi akatswiri amaitcha ma enzyme. Masiku ano akugwiritsa ntchito ma enzyme ena pofuna kutulutsa shuga m'nkhuni, m'utuchi ndi m'mapesi, kenaka n'kuthira yisiti kuti apeze mafuta a ethanol.

Pafupifupi theka la mtengo wouma ndi cellulose, yemwe ndi shuga wolumikizana ngati unyolo. Vuto ndi lignin, chinthu cholimba chimene chimakuta unyolowo. Choncho amayamba aphwanya nkhunizo ndi nthunzi yotentha pafupifupi madigiri 200, kenaka amathira ma enzyme ochokera ku chuku chotchedwa Trichoderma reesei. Komabe lignin wotsala amamata ma enzyme ambiri n'kuwalepheretsa ntchito, pamene ma enzymewo ndi okwera mtengo. Mu 2010 akatswiri a ku Norway anatulukira mtundu wina, LPMO, umene umang'amba ulusi wolimba kuti anzake alowe bwino ndi kutulutsa shuga wochuluka.

Phindu lake likadali lovuta kupeza. Fakitale ya DuPont ku Iowa, m'dziko la America, yomwe inkagula mapesi a chimanga kwa alimi, inatsegulidwa mu 2015 n'kutsekedwa mu 2017. Koma kafukufuku sanaime.

Nanga ife zikutikhudza bwanji? Kuno kwathu ethanol anayamba kupangidwa ku Dwangwa mu 1982 ndi ku Chikwawa mu 2004, kuchokera ku molasesi wa nzimbe. Tsiku limene ma enzyme adzatsike mtengo, mapesi ndi mitengo yathu zidzakhala malonda. Mapesi omwewo ndi amene timaphimbira nthaka, kudyetsa ziweto ndi kupangira manyowa. Tikadzagulitsa onse, tidzabweza ndalamazo kwa wogulitsa feteleza. Walira mvula walira matope.

Choncho tikupempha boma zinthu zitatu. Choyamba, alimi tikhale nawo pokonza malamulo a mafuta ochokera ku zomera. Chachiwiri, pakhale malire a mapesi ochotsedwa m'munda, ndipo nkhalango zachilengedwe zisakhudzidwe. Chachitatu, mitengo yogulira ikambidwe kudzera m'magulu athu, osati mlimi payekhapayekha pakhomo pake.

Tikabwerera kumudzi, nkhaniyi tikaitule m'makalabu athu.