Banki Yosunga Cakudya

 Madzulo ano tikambirane za banki ina yodabwitsa, imene sisunga ndalama koma mpunga, nyemba ndi mkaka. Dzina lace ndi banki ya cakudya, ndipo kusiyana kwace ndi banki imene muidziwa ndi uku: woikiza ndi wina, wotenga ndi winanso.

Yoyamba inatsegulidwa mu 1967 m'mzinda wa Phoenix ku America. Bambo John van Hengel anaona kuti masitolo akuru analikutaya cakudya cabwinobwino cifukwa citini capindika pang'ono, pamene anthu ena analikugona ndi njala m'mzinda womwewo. Anapempha eni masitolo kuti azimpatsa cakudyaco, ndipo a mpingo wa St Mary's anamthandiza ndi nyumba yosungiramo. Ku America mabanki otere ali ngati nkhokwe zazikuru. Amene agawira anthu ndi mipingo ndi timabungwe ta m'madera, amene akatapa kumeneko.

Ku Britain nchitoyi iyenda mwa njira yina, ndipo ndiyo ndifuna muimvetse. Bungwe la Trussell Trust linayamba banki yace mu 2000 ku Salisbury. Si Salisbury uja anasanduka Harare mu 1982, iai. Uyu ndi wa ku England. Kumeneko cakudya cambiri cicokera kwa anthu wamba. Mai akagula zace m'sitolo, aponya citini cimodzi kapena ziwiri m'dengu limene liri pakhomo. Masukulu ndi mipingo asonkhanso. Anthu odzipereka, osalandira malipiro, ayesa zonsezo pa sikelo, nayang'ana tsiku lolembedwa pa citini ciri conse, kuti ca pafupi kuonongeka cituruke msanga.

Tsono pano mpamene pagona nkhani. Munthu sangopita kukanena kuti ndiri ndi njala. Ayamba waonana ndi dotolo, kapena a sukulu ya mwana wace, kapena a ofesi yothandiza obvutika, ndipo iwowo ndiwo ampatsa kalata. Akafika nayo ku banki, imene kawirikawiri iri m'nyumba ya mpingo, amkhazika pansi, nampatsa tiyi, namfunsa za ngongole zace ndi za thandizo la boma limene mwina sanalidziwe. Pomaliza atenga phukusi la masiku atatu, loyesedwa monga mwa ciwerengero ca a m'nyumba mwace. Akuluakulu a ku migodi angakumbukire phoso la kale. Koma phoso linali mbali ya malipiro a nchito, ndipo munthu sanacite nalo manyazi.

Kalatayo ndiyo ena aidandaula. Eni ace ati iteteza cakudya kuti cifike kwa osowadi, ndipo ndibvomereza kuti nkhokwe yopanda citseko sikhalitsa. Koma ine ndiona kuti munthu wamanyazi, amene sangathe kuulula umphawi wace kwa dotolo, atsala kunja osawerengedwa, ndipo njala yace siicepa ndi ya mnzace wolimba mtima.

Kodi ndi angati afika? Kuyambira April 2023 kufikira March 2024, mabanki a Trussell anagawa maphukusi oposa 3 miliyoni, ndipo oposa 1 miliyoni anali a ana. Ena mwa olandirawo anali pa nchito, koma lendi inatha malipiro mwezi usanathe. Ena analikudikira ndalama ya boma yochedwa Universal Credit, imene yoyamba ifika patapita masabata asanu.

Mu 2022, mitengo ya magetsi ndi gasi itakwera, kunamveka kuti ena analikukana mbatata za kacewere, ngakhale zinali zaulere, cifukwa analibe cophikira. Inu amene mugula makala pa msika, nimusiya nyemba cifukwa zicedwa kupsa, simudzadabwa nazo. Mabanki ena analikumanga maphukusi a zakudya zongothira madzi otentha, ndi ena a zodya zosaphika konse.