Ng'ombe Imadyetsedwa ndi Tizilombo ta M'chifu Mwake



Ambiri mwa ife tikapuma pa ntchito timaganiza zoweta mbuzi kapena ng'ombe za mkaka. N'chifukwa chake ndasankha kulankhula za mmene nyama zobzikula, monga ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa, zimagayira chakudya. Mfundo yanga ndi imodzi: mukamadyetsa ng'ombe, mumadyetsa tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala m'chifu mwake, ndipo tizilomboto ndi timene timadyetsa ng'ombeyo.

Chifu cha nyama zimenezi chili ndi zigawo zinayi. Ng'ombe imameza udzu isanatafune bwino, ndipo udzuwo umagwera m'chigawo choyamba, chotchedwa rumen, chimene mu ng'ombe yaikulu chimatha kusunga malita oposa 100. Mmenemo mabakiteriya ndi tizilombo tina timasasitsa udzu uja, n'kutulutsa timadzi ta asidi timene timalowa m'magazi ndi kupatsa nyama mphamvu. Chigawo chachiwiri, reticulum, chooneka ngati chisa cha njuchi, chimathandiza kubweza udzu wosaphwanyika kukamwa. Uku ndiye kubzikula, ntchito ya maola ngati 8 pa tsiku. Malovu ochuluka amene amatuluka pobzikula amachepetsa ukali wa asidi uja. Chachitatu, omasum, cha mapindi ngati masamba a buku, chimayamwa madzi. Chachinayi, abomasum, ndicho chofanana ndi chifu chathu. Tizilombo tija tikafika mmenemo timagayidwa, n'kusanduka chakudya chomanga thupi.

Tsono, anzanga, titengepo maphunziro atatu. Loyamba, musasinthe chakudya mwadzidzidzi. Mbuzi yozolowera udzu ikakhuta madeya kapena chimanga tsiku limodzi, asidi amachuluka, tizilombo togaya udzu timafa, ndipo nayo ikhoza kufa. Onjezerani pang'onopang'ono kwa masabata awiri, pakuti kuthamanga sikufika.

Lachiwiri, kusasa kumatulutsa mpweya wambiri umene nyama imachotsa pogeya. Ikadya msipu wanthete wambiri, makamaka wa mtundu wa nyemba, thovu limatha kutsekereza mpweyawo ndipo mimba imatupa kumanzere. Mukaona zotere, itanani alangizi a ziweto msanga, chifukwa nyama imatha kufa m'maola ochepa.

Lachitatu, tizilomboti sitingagaye pulasitiki. Majumbo amene timataya m'misika amaunjikana m'chifu, mbuzi n'kumaonda chikhalirecho msipu ulipo.

Pomaliza, mukalowa m'khola madzulo, imani kaye muyang'ane nsagwada. Ng'ombe yogona pansi ikubzikula mwaufulu ili bwino. Imene yasiya kubzikula ikukuuzani kuti m'kati mwavuta.