Madalaivala, Yambani Mwaonana ndi Dotolo

(Mawu amene analankhulidwa pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi ndi anthu a m'midzi)

Mafumu, aphunzitsi, amayi ndi abambo, lero ndabwera ndi nkhani ya ana athu amene amayendetsa malole, mabasi ndi maminibasi.

Lamulo la pamsewu la chaka cha 1997 likuti munthu wonyamula anthu kapena katundu pa malonda akhale ndi chiphaso chapadera, chotchedwa PrDP, pamwamba pa laisensi yake. Chiphasochi sichamuyaya ai. Chili ndi tsiku lake lothera, ndipo kuti Boma lipereke china lifuna kalata ya dotolo yonena kuti thupi la dalaivalayo lili bwino.

Tsono alipo ena amene masiku anawathera osadziwa. Ena akuopa kuti dotolo adzawapeza ndi nthenda, ntchito n'kuwathera. Anzanga, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Dotolo amayesa maso, makutu, kuthamanga kwa magazi ndi shuga, nafunsanso ngati munthu amagwa khunyu. Zambiri mwa izi zili ndi chithandizo chake. Wa maso ofooka akhoza kuvala magalasi. Wothamanga magazi akamamwa mankhwala tsiku ndi tsiku, kawirikawiri amabwerera pa chiwongolero.

Njira yake nayi. Poyamba imikani galimoto. Musayendetsenso pa malonda kufikira mutakonza mapepala. Kachiwiri pitani kuchipatala mukayesedwe, ndipo mukanene zoona zokhazokha. Kachitatu tengani kalatayo, laisensi ndi chitupa chanu, mupite nokha ku ofesi ya Road Traffic, monga ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu. Mukalipira, landirani lisiti. Madobadoba oima pakhomo musawapatse ndalama zanu, pakuti kalata yogula siichiza maso.

Taganizani za basi yodzaza anthu ikutsika phiri la Chiweta, dalaivala n'kuchita chizungulire pakona. M'basimo muli amayi opita kumsika ndi ana a sukulu. Ndiponso ngozi ikachitika chiphaso chitatha, mlandu umakula, ndipo a inshuwalansi akhoza kukana kulipira.

Inu aphunzitsi, awerengereni anzanu tsiku lolembedwa pa chiphaso. Inu akazi a madalaivala, akumbutseni amuna anu mwezi usanakwane. Kutaya masiku awiri pa mzere nkwabwino koposa kutaya ntchito ndi moyo womwe.