Za Dzina Limene Ndifuna Kucha Boti Langa

Mau amene ananena mbale wathu wina, wopuma pa nchito yozimitsa moto, pa Msonkhano wa Bungwe. Mlembi wawalemba monga anawamva, kuti Mafumu ndi abale amene sanafike awerenge nao.

A Pampando, Mafumu athu, Anyakwawa, ndi inu nonse abale anga: ndiyamba ndi kuthokoza kuti mwandipatsa malo ndilankhule, ngakhale nkhani yanga ioneka yaing'ono pakati pa nkhani zazikuru za minda ndi misika. Mudziwa kuti ndinagwira nchito yozimitsa moto m'tauni zaka zambiri, ndipo ndi ndalama zimene ndinalandira popuma ndakhometsa boti la matabwa, lakuti lizinyamula anthu ndi katundu, ndi kuthandizanso pa cilimira. Botilo latha, liri pa mcenga, koma liribe dzina. Ndipo sindifuna kulemba kanthu pa mphuno yace Mafumu asanamve, pakuti gombe ndi lao, ndi anthu okwera ali ana ao.

Anyamata amene adzayenda nalo anandibweretsera maina ambiri otengera nchito yanga yakale. Wina anati, Sindiopa Moto. Wina anati, Mgonjetsi. Ndinawakana onse, ndipo cifukwa cace ndi ici: dzina la boti amaliwerenga tsiku ndi tsiku ndi iwo amene ali m'katimo. Mnyamata wokhala pa ciongolero, pamene pambali pace palembedwa kuti Sindiopa, adzacita manyazi kubwerera ku gombe pamene mwera wayamba, ndipo manyazi acewo adzamiza ana a eni. Nyanja yino siopa dzina kapena ukulu wa combo. Akulu athu akumbukira caka ca 1946, pamene sitima yatsopano ya Vipya inamira ku mpoto, nafa anthu 145.

Tsono ndinayamba kufunsa m'mene anthu anzeru amachera zombo zao, ndipo ndinapeza kuti maina amene akhalitsa ali maina okumbutsa, si odzitama ai. Sitima yoyamba ya Ilala, imene a Mishoni anaiika pa nyanja yino mu 1875, anaicha dzina la dziko limene David Livingstone anafera mu 1873. Ndipo Ilala imene inayamba kuyenda mu 1951 inalowa dzina lomwelo, monga mdzukulu alowa dzina la ambuye ace. Sitima ya Chauncy Maples anaicha dzina la Bishopu amene anamira m'nyanja yomweyi mu 1895.

Ozimitsa moto a maiko ena acita cimodzimodzi. M'mizinda ya m'mbali mwa madzi ali nazo zombo zokhala ndi makina opopa, zimene zitunga madzi mu mtsinje momwemo ndi kuwaponya pa moto. Ku London, pa mtsinje wa Thames, anaika cina mu 1935, nacicha Massey Shaw, dzina la mkulu amene anatsogolera ozimitsa moto a mzindawo kuyambira 1861 kufikira 1891. Mu 1940, pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, comboco cinaoloka nyanja kunka ku Dunkirk, nicinyamula asilikari ngati 500 kuwacotsa pa gombe kuwapereka ku sitima zazikuru.

Koma cimene cinandigwira mtima koposa ndi ca ku New York. Mu February 1930 sitima ya ku Germany, dzina lace Muenchen, inayaka pa dooko, ndipo pophulika inapha John J. Harvey, woongolera combo ca ozimitsa moto. Caka cotsatira, 1931, anzace anacha combo catsopano dzina lace. Cinagwira nchito kufikira 1994, nicipuma monga ndapumira ine. Koma pa 11 September 2001, pamene nyumba ziwiri zazitali za mzindawo zinagwa ndi mipope ya madzi ya pansi inasweka, combo cokalambaco cinaitanidwanso, nicipopa madzi maora ngati 80. Tsiku lomwelo anafa ozimitsa moto 343, ndipo combo cina catsopano anacicha Three Forty Three, ndiko kunena ciwerengero ca anthu amenewo.

Pakumva izi ndinati mumtima, inenso ndiri naye wanga. Usiku wina tinalowa m'nyumba yosungiramo katundu imene inali kupsya. Ine ndinali patsogolo, nditagwira kukamwa kwa paipi, ndi mnzanga anali pambuyo panga kundicirikiza, pakuti mphamvu ya madzi igwetsa munthu akakhala yekha. Utsi unatsika, sindinaonenso ngakhale dzanja langa, ndipo ndinagwa. Mnzangayo sanathawe: anandigwira pa lamba, nakwawa nane, dzanja lina likutsata paipi, pakuti mu mdima wotere paipi ndiyo njira yokha yoturukira kunja. Iye anamwalira ndi nthenda patapita zaka, ndipo ndinafuna kuti boti langa litenge dzina lace.

Ndinapita kwao kukapempha, monga mwambo uli. Mlongo wace wamkuru anandilandira bwino, koma anakana. Anati, Acimwene, dzina limeneli tinaligoneka ndi ulemu. Kodi mufuna kuti oledzera azilipfuula pa dooko? Boti likadzagulitsidwa, mudzagulitsa ndi dzina lomwe. Ndipo likadzamira, anthu adzati uje wapha anthu, ndi ana ace ali kumva. Mafumu anga, ndinasowa poyankha. Ndinazindikira kuti cimene ciyenera kwa Azungu a ku New York sicingayenere m'mudzi uli wonse, ndi kuti dzina la munthu liri ndi eni ace. Ndinabwerera wacisoni, koma wopanda cifukwa ndi mai ameneyo.

Pa njira ndinaganiza kuti, ngati sindingatenge dzina la munthuyo, nditenge lamulo limene anandipulumutsa nalo. Ozimitsa moto salowa m'nyumba yoyaka mmodzi yekha. Alowa awiri, naturukanso awiri, ndipo amene aturuka yekha afunsidwa kuti, Mnzako ali kuti? Cifukwa cace dzina limene ndaika pamaso panu ndi ili: AWIRI-AWIRI. Asodzi salidabwa lamuloli, pakuti khoka la cilimira silikokedwa ndi bwato bumodzi, ndipo makolo anati mutu umodzi susenza denga.

Dzina lotere liri ngongole, ndipo ndilonjeza pamaso pa Bungwe zinthu zitatu. Coyamba: boti limeneli silidzapita patali usiku popanda lina lodziwa kumene lalowera, ndipo likamva mpfuu pa madzi lidzasiya usipa ndi kupita, kaya wopfuulayo ndi wa gombe lino kapena mlendo. Caciwiri: silidzanyamula anthu opitirira muyeso wace, ngakhale otsalawo akhale abale anga. Cacitatu: m'katimo mudzakhala ndowa ya mcenga ndi bulangeti lolemera nthawi zonse. Ena adzaseka kuti, Moto uopsa bwanji pakati pa madzi? Koma ndinena monga wodziwa: petulo apepuka koposa madzi, ndipo mukathira madzi pa petulo woyaka, ayandama pamwamba nafalikira m'boti monse ali ciyakire. Moto wotere uzimitsidwa pouphimba kuti usowe mpweya. Zigubu za petulo zikhale zotseka, kutali ndi nyali ndi fodya.

Kwa inu Mafumu ndipemphanso kanthu kamodzi. Pa gombe lathu misasa ya udzu yathithikana, ndi ng'anjo zowambira nsomba ziri pakati pace. M'miyezi ya mwera moto wa msasa umodzi ukhoza kutha yonse, pamodzi ndi makoka amene anthu anagula ndi ngongole. Mukalamula kuti pakhale mpata pakati pa misasa, ndi kuti ng'anjo zikhale mbali imene mphepo ilowera, ine ndidzaphunzitsa anyamata a mudzi uli wonse kuzimitsa moto, popanda malipiro.

Ngati dzinali liri ndi cilema cimene ine sindinacione, mundiuze ndisanagule utoto, pakuti mwana sadzicha yekha dzina. Mukalibvomera, ndidzaitana Mafumu ndi mlongo wa mnzanga uja tsiku lolikankhira m'madzi. Ndatha, a Pampando. 

Mafumu anati ayamba akambirana ndi eni mabwato za mpata wa misasa, ndipo adzayankha nkhani zonse ziwiri pa Msonkhano ulinkudza. Abale onse a ku gombe apemphedwa kufika.