KUWERENGERA MAFUTA POCHITA HAYALA LOLE YOSAMUKIRA



Lero tikambirana za ndalama za mafuta pa nthawi yosamuka. Kusamuka kumagwera aliyense: mphunzitsi kapena namwino amene watumizidwa ku boma lina, bambo amene wapuma pa ntchito ndipo akubwerera kumudzi, ngakhalenso mayi wamasiye amene akuchoka m'tauni ndi ana ake. Anthu onsewa amafuna lole yonyamula katundu. Ambiri amakambirana mwamphamvu za mtengo wa hayala, koma akamva mawu akuti "mafuta mugula nokha" amangovomera osawerengera. Zotsatira zake timaziona m'misewu yathu. Lole yaima pa chitunda, ana akhala pamwamba pa matilesi, bambo ndi dalaivala akulozana zala, ndipo ndalama ya lendi ya nyumba yatsopano kapena ya fizi ndiyo ikuthera ku dizilo.

Mfundo yaikulu ya phunziro lathu ndi iyi: mafuta awerengedwe m'malita ulendo usanayambe, popita ndi pobwera pomwe, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe.

1. Werengani malita, kenaka makwacha

Mtengo wa dizilo ndi petulo m'Malawi umalengezedwa ndi bungwe la MERA, ndipo umasinthasintha. Mwachitsanzo, mu November 2023 ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, mtengo wa mafuta udakwera patangopita masiku ochepa. Choncho mnzanu akati "chaka chatha ndidasamuka ndi ndalama zakuti", zimenezo sizingakuthandizeni kwenikweni. Mufunseni malita amene adathira, popeza lita sisintha.

Pali zinthu zitatu zofunika kuzidziwa. Choyamba, kutalika kwa ulendo m'makilomita. Chachiwiri, makilomita amene loleyo imayenda pa lita imodzi ikakhala yodzaza, ndiponso ikakhala yopanda katundu. Chachitatu, mtengo wa lita pa malo omwetsera mafuta m'sabata ya ulendowo. Funso lachiwirili mufunse mwini galimoto, kenaka mufunsenso dalaivala wina amene amayendetsa lole yofanana nayo. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

2. Tiwerengere limodzi

Titenge banja limene likuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe kudzera pa Zalewa, ulendo wa makilomita pafupifupi 310. Tiyerekeze kuti lole yathu ikadzaza imayenda makilomita 5 pa lita, ndipo ikakhala yopanda kanthu imayenda makilomita 6.

Popita: 310 kugawa ndi 5, tipeza malita 62.

Pobwera: 310 kugawa ndi 6, tipeza malita pafupifupi 52.

Kuchokera kumene lole imagona kufika pakhomo panu, ndi kuzungulira kofunafuna nyumba yatsopano, tiikepo makilomita 20, ndiye kuti malita 4.

Tikaphatikiza zonse akwana malita 118. Pamwamba pake tionjezere gawo limodzi mwa magawo khumi chifukwa cha zogwa mwadzidzidzi, ndiye kuti malita 12. Banja limeneli likonzekere malita 130. Tsopano ndi pamene muchulukitse 130 ndi mtengo wa lita imodzi kuti mupeze makwacha ake.

Taonani kusiyana kwake. Munthu amene adangoganiza za ulendo wopita akadakonzekera malita 62, osafika ndi theka lomwe. Lole sikhala nanu ku Lilongwe, iyenera kubwerera kwa mwini wake, ndipo kawirikawiri mafuta obwererawo amalipira ndi wosamuka.

3. Zimene zimameza mafuta

Msewu sufanana ponseponse. Mukaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa mumakhala muli m'chigwa, ndipo kuchokera pamenepo lole imakwera kudzera ku Ntcheu ndi Lizulu mpaka ku Dedza, tauni imene ili pamwamba pafupifupi mamita 1,600. Pokwera zitunda ndi katundu, injini imamwa kwambiri. Chimodzimodzinso msewu wafumbi wopita kumudzi, makamaka nthawi ya dzinja pamene matayala amangozungulira m'matope.

Zina zili m'manja mwathu. Katundu wopyola muyeso amadya mafuta, amaphulitsa matayala, ndiponso ndi mlandu pa msewu. Matayala ochepa mpweya, liwiro lopambanitsa, ndi kusiya injini ikulira pamene mukupakira, zonsezi ndi ndalama zotayika. Mangiranitu katundu dzulo lake. Zinthu zimene simuzigwiritsanso ntchito, monga mipando yothyoka, gulitsani kapena patsani abale, musazilipirire dizilo.

Musaiwalenso kuti pa msewu umenewu pali zipata ziwiri zolipiritsa, cha Chingeni chimene chidatsegulidwa mu 2021 ndi cha Kalinyeke ku Dedza cha mu 2022. Lole imalipira popita ndi pobwera, molingana ndi kukula kwake. Ndalama imeneyi muiike payokha, pamodzi ndi ya chakudya cha dalaivala ndi opakira katundu, kuti isadye ya mafuta.

4. Mgwirizano ulembedwe

Kaya muyendetsa nokha kapena mwini lole apereka dalaivala wake, ndi ufulu wanu kudziwa chimene mukulipira. Musachite manyazi poganiza kuti kufunsa n'kumuyesa mnzanu wakuba. Mbewa yamanyazi idafera kuuna. Pa pepala, pamaso pa mboni, lembani izi:

(a) Kodi mtengo wa hayala ukuphatikiza mafuta kapena ayi?

(b) Agula mafuta obwerera ndani? Ngati mwini lole wapeza katundu wa munthu wina woti anyamule pobwerera, chilungamo n'chakuti mafutawo mugawane.

(c) Kodi m'thanki muli mafuta ochuluka bwanji ponyamuka? Njira yopewera mkangano ndi kulandira lole thanki ili yodzaza ndi kuibweza ili yodzaza.

(d) Nambala ya makilomita imene galimoto ikuonetsa ponyamuka ndi pofika.

Pomwetsa mafuta mukhalepo nokha, muone kuti pampu yayambira pa ziro, ndipo mutenge lisiti. Inunso muli ndi udindo. Musamuuze mwini lole kuti kwanu n'pafupi ndi tala pamene pali makilomita 30 a msewu wafumbi, ndipo mulipire pa nthawi imene mudalonjeza.

5. Mafuta akasowa

Tonse tikukumbukira mizere italiitali ya galimoto ya mu 2011 ndi 2012, imenenso idabwerera mu 2022 ndi 2024. Pa nthawi yotere musanyamuke ndi theka la thanki podalira kuti mukamwetsa ku Ntcheu. Mafuta a m'zigubu a m'mbali mwa msewu ndi okwera mtengo, ndipo nthawi zina amakhala osakaniza ndi palafini kapena madzi. Injini ikaonongeka nawo, mlandu ukhoza kugwera inu amene mudagula. Ndi bwino kuchedwetsa ulendo ndi masiku awiri kusiyana ndi kugona panjira ndi ana.

Pomaliza, bambo ndi mayi muwerengere limodzi, chifukwa ndalamayi ndi ya banja lonse. Ngati masamu akukuvutani, mwana wa Sitandade 7 atha kukuthandizani kugawa ndi kuchulukitsa. Mukabwerera kwanu, mukafotokozereko anzanu amene sadathe kubwera. 

Mafunso okambirana m'magulu

1. Kodi kwanu kuno eni malole amalipiritsa motani? Mafuta obwerera amagula ndani?

2. Sankhani ulendo umene mumaudziwa bwino, ndipo muwerengere malita ake monga tachitira muja.

3. Kodi tingathandize bwanji amayi amasiye ndi okalamba kuti asaponderezedwe pochita hayala galimoto?