Zimene ndadziwa za Canada ndisanakwere ndege



Ambiri mwamva kuti banja langa laloledwa kupita ku Canada. Tsiku lonyamuka sitinauzidwe, koma tamaliza maphunziro okonzekera ulendo amene a IOM amapereka, ndiponso ndimacheza pa WhatsApp ndi anzathu amene anatsogola. Ndati ndikuuzeni zimene ndamva ndi kuona, chifukwa nkhani za Canada zimene timamva pamjigo ndi kumsika wa Lachiwiri zimafika zitathiridwa kale mchere.

Choyamba ndi nyengo. Ife timadandaula ndi chisanu cha kuno ku Dowa mu June ndi July. Ku Winnipeg mu January kumazizira kufika madigiri 20 pansi pa ziro, nthawi zina kuposa apo. Ku Toronto mu December dzuwa limalowa 5 koloko isanakwane. Mnzanga wina anandionetsa pa foni msewu wa kumene akukhala: kuli mbee, panja popanda munthu. Anati kuzizira amalimbana nako ndi jekete, koma chomusautsa ndi kusungulumwa. Kulibe woodira pakhomo kudzapempha mchere.

Chachiwiri ndi ndalama. Amene atengedwa ndi boma la Canada amalandira thandizo kwa miyezi yosapitirira 12, ndipo gawo lalikulu limathera ku lendi. Tikiti ya ndege si mphatso ayi, ndi ngongole, ndipo mumayamba kubweza pakatha chaka. M'sitolo, mtengo wolembedwa pa katundu si umene mumalipira: ku Ontario amawonjezera msonkho wa 13 peresenti pa zinthu zambiri. Ntchito yoyamba kawirikawiri imakhala yonyamula katundu, yosesa kapena ya m'fakitale, ngakhale munali mphunzitsi. Choncho m'bale wanu akakhala miyezi osatumiza kanthu, musafulumire kunena kuti wakuiwalani. Mwina nayenso mutu waima.

Chachitatu ndi malamulo a m'banja. Kumenya mkazi kapena mwamuna wako ndi mlandu wa kupolisi, si nkhani yoti ankhoswe akambirane. Aliyense, ngakhale mwana, atha kuimba 911. Kholo lozunza mwana likhoza kulandidwa mwanayo. Abambo anzanga, izi tiyambe kuzolowera tili konkuno.

Zabwino nazo zilipo, ndipo n'zazikulu. Tsiku limene mwafika mumakhala ndi chilolezo chokhala m'dzikomo mpaka kalekale. Mutha kugwira ntchito ndi kupita mzinda uliwonse popanda kupempha kalata yotulukira. Ana amaphunzira ulere m'sukulu za boma mpaka kumaliza sekondale, ndipo akuluakulu ali ndi makalasi aulere a Chingerezi kapena Chifalansa. Mukakhala masiku 1,095 m'kati mwa zaka zisanu, mutha kupempha unzika. Kwa ine amene ndakulira pa Dzaleka ndi khadi la othawa kwawo, ichi ndi chimene chimandilimbitsa mtima. Koma walira mvula walira matope.

Pomaliza, mawu kwa inu amene mukudikira. Pa dziko lonse, othawa kwawo amene amapeza mwayi umenewu pa chaka safika mmodzi pa 100 alionse. Ndiye musasiye sukulu, geni kapena dimba chifukwa choti munaitanidwa kukafunsidwa mafunso. Musagulitse katundu musanauzidwe tsiku la ndege. Komanso ntchito yonseyi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti mumpatse ndalama kuti dzina lanu liyende msanga, ameneyo ndi wakuba, kanenani ku ofesi ya UNHCR. Kupereka ziphuphu kapena kunama pa fayilo kungatsekereze banja lonse.

Mpaka tsiku lonyamuka ndikhala ndili nanu pantchito yathu yongodzipereka. Amene muli ndi funso ndipezeni tikatha msonkhano uno, paja safunsa anadya phula.