Mafuta Oopsa a M'magazi: Udindo wa Mlangizi wa Zaulimi

Mau olankhulidwa kwa alangizi a ku Hauna ndi a m'minda ya tiyi ya ku Chipinge

Chigwa cha Honde, m'boma la Mutasa, ndi dziko la mwanaalirenji. Nthochi, mapeyala, koko, nyemba ndi masamba zimabereka mosatopa. Komabe mabanja ambiri, kuphatikizapo aja amene makolo awo anachokera ku Malawi ndi Mozambique kudzathyola tiyi, amagulitsa zokoma zonse kwa amalonda a ku Mutare ndi Harare, ndalamazo nkugulira buledi woyera, majarini ndi nyama yonona. Apa ndi pamene vuto la kolesterolo limayambira kwa ena.

Kolesterolo nchiyani?

Kolesterolo ndi mafuta amene chiwindi chimapanga, ndipo thupi limawafuna. Koma mtundu wake wotchedwa LDL ukachuluka, umakakamira m'kati mwa mitsempha ya magazi mpaka njira kuchepa. Mapeto ake ndi matenda a mtima kapena kufa ziwalo. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linapeza kuti m'chaka cha 2019 matenda a mtima ndi mitsempha anapha anthu pafupifupi 17.9 miliyoni.

Vutoli silimveka kuwawa, ndiponso si la onenepa okha. Wothyola tiyi woonda angathe kukhala nalo chifukwa cha kumtundu. Njira yodziwira ndi imodzi: kuyezetsa magazi. Muyezo ukafika 5 mmol/L kapena kuposa, mafutawo achuluka.

Ntchito ya katswiri wa kadyedwe

Katswiriyu sangopereka mndandanda wa zakudya zoletsedwa. Amayamba wafunsa chimene munthu anadya dzulo, amene amaphika pakhomo, ndi ndalama zimene zilipo. Kenaka amagwirizana naye zosintha ziwiri kapena zitatu, nkumuuza tsiku lobweranso kudzayezedwa. Uphungu wake umatsamira pa malangizo a WHO akuti mafuta ouma, onga a nyama, batala ndi mafuta a mgwalangwa, asapitirire magawo 10 pa 100 a mphamvu yochokera m'chakudya cha tsiku. Zipatso ndi masamba zikwane magalamu 400. Mchere usafike magalamu 5.

Pamene mlangizi alowererapo

Uphungu wa kuchipatala umafera pa chipata ngati kunyumba kulibe chakudyacho. Choncho mlangizi ayenera kuchita izi:

1. Kulimbikitsa kulima nyemba, khobwe, nzama ndi therere. Mbewuzi zili ndi ulusi umene umagwira kolesterolo m'matumbo kuti atuluke ndi chimbudzi. Nyemba za mtundu wa NUA45 zimaonjezeranso ayironi ndi zinki.

2. Kukumbutsa banja kuti lisagulitse zonse. Mapeyala ndi mtedza zili ndi mafuta abwino. Gawo la pakhomo lipatulidwe galimoto ya wogula isanafike.

3. Kusonyeza kaphikidwe pa tsiku la chionetsero: ndiwo zotendera ndi nsinjiro m'malo mokazinga, nkhuku yochotsa khungu, matemba m'malo mwa nyama yonona, ndi nsima ya mgaiwa, mapira kapena mawere. Mafuta a mpendadzuwa ndi abwino, koma athiridwe pang'ono ndipo asakazingiridwe kambirimbiri.

4. Kuyankhula ndi banja lonse. Bambo akauzidwa yekha pamene wogwira mthiko ndi mayi, mphika susintha.

Malire a udindo

Mlangizi si dokotala. Asauze mlimi kuti ali ndi matendawa pongomuona, ndipo asalole wina kusiya mankhwala amene anapatsidwa poganiza kuti chakudya chakwanira. Kwa ambiri ziwirizi zimayendera limodzi. Amene makolo ake anamwalira ndi mtima akadali aang'ono, wodwala shuga kapena kuthamanga kwa magazi, ndi wosuta fodya, atumizidwe ku chipatala cha Hauna kapena cha Chipinge kukafunsa za kuyezetsa.

Mlimi akafa ziwalo, munda umagonera, ana amasiya sukulu, ndipo zimene mlangizi anaphunzitsa zaka zambiri zimathera pomwepo. Nchifukwa chake funso la zimene banja likudya liyenera kufunsidwa pamodzi ndi funso la zimene lakolola.